Sakhwi, Nguluwe ndi Mtengo wa Mankhwala a Mphumu

Kalekale, ana inu, ndi inu akuluakulu mukusinza kumbuyoko, kudali Sakhwi. Mukumudziwa Sakhwi: kathupi ngati mbewa, mphuno yaitali ngati kachitamba. Ankakhala ndi mayi ake okalamba, odwala mphumu. Chilimwe chikafika, fumbi likabuka, chifuwa cha mayiwo chinkangolira fwii, fwii, ngati chitoliro chong'aluka.

Wogulitsa mankhwala m'dera lonselo adali Nguluwe, poti ndiye ankadziwa kufukula mizu. Malonda ake ankachitira pa thanthwe lalikulu ngati phiri. Kummawa kwa thanthwelo kudali benchi ya inshuwalansi. Mwezi uliwonse unkapereka lichero la mtedza, udwale usadwale, ndipo ukadwala ankati ungowonjezera pang'ono. Kumadzulo kudali benchi ina. Kumeneko unkagula khadi lakhungwa, ndipo mankhwala ankakuchotsera theka. Wogulitsa wa kumadzuloyo ankavala chipewa chamlaza chofika m'maso, ndipo ankati ndi mng'ono wake wa Nguluwe.

Sakhwi adapereka lichero zaka zitatu osadumphitsa. Tsiku lina mayi ake adabanika kwambiri, mpaka phala lidawakanika kumeza. Sakhwi adamanga pakansalu njere za mtedza khumi ndi zisanu zomwe zidatsala m'nyumba, ulendo kummawa kwa thanthwe.

"A Nguluwe, mankhwala a mphumu ndi njere zingati?"

"Zimatengera," adatero Nguluwe, akutafuna mtedza wa eni.

"Zimatengera chiyani?"

"Mphumu yake ndi ya m'mawa kapena ya masana?"

"Ya tsiku lonse!"

"Aaa, pepani mayi. Ya tsiku lonse sili pa mndandanda wathu. Akadadwala chipere, bwenzi mutangopereka ziwiri. Sangadwale chipere?"

Sakhwi adamuyang'anitsitsa. "Ndiuzeni mtengo, bambo."

"Makumi anayi."

"Makumi anayi! Nanga malichero anga onse aja?"

"Malichero aja ndi omwe akukuchititsani kuti muime pano, ine n'kumakuyankhani bwinobwino. Mukapita kuseri kwa mng'ono wanga mukalira. Ndi wakuba ameneyo. Tidakangana pamaliro a bambo, mpaka lero sitilankhulana."

Sakhwi adazungulira thanthwe mpaka kumadzulo. Pabenchi padalibe munthu. Adadikira, adadikira. Kenaka wachipewa uja adatulukira m'tchire, ali wefuwefu.

"Mankhwala a mphumu ndi njere zingati?"

"Kuno timachotsa theka, mayi."

"Theka la mtengo uti?"

"Wa muwawani."

"Sindikufunsa mtengo wa m'tchire ine! Ndikuti njere zingati?"

"Zimatengera. Opanda khadi, makumi asanu ndi limodzi. Ndi khadi, makumi atatu."

"Khadilo ndi zingati?"

"Khumi."

Sakhwi adawerenga pazala, kuwerenganso. Makumi atatu ndi khumi, makumi anayi. Kummawa makumi anayi, kumadzulo makumi anayi. Ha! Abale osalankhulana, koma mtengo ukulankhulana!

Adachokapo. Dzuwa lidali lamoto, ndiye adalowa mumng'alu wa thanthwe kuti apume. Mng'aluwo udali wopapatiza, koma udapitirira, udapitirira, mpaka adaona kuwala. Kusuzumira, ali kummawa! Posakhalitsa adamva kuswa tchire, tswa tswa tswa. Adaona wachipewa uja akutulukira kuchokera kuchigwa, thukuta lili kamukamu. Adavula chipewa, kuchibisa pansi pa benchi, n'kukhala pansi ali Nguluwe yemwe uja.

"Oho," adatero Sakhwi. "Mng'ono wake ndi chipewa."

Tsono tsikulo lidali loyamba la mwezi. Kummawa nyama zidandanda ndi malichero, patsogolo pali Njati ndi dengu lathunthu, poti wamkulu thupi ankalipira zambiri. Kumadzulo nako kudali mzere, patsogolo pali Nungu, yemwe adagulira ana ake onse asanu ndi awiri makhadi.

Sakhwi adatulukira kumadzulo. "Amayi a Nungu, makhadiwo mudagula zingati?"

"Khumi lililonse. Bwanji?"

"Ndangodabwa. Kummawa mankhwala a mphumu ndi makumi anayi. Kuno, kuphatikiza khadi, makumi anayinso. Kaya theka lija limapita kuti."

Minga ya Nungu idaima njo! "Wachipewa! Wachipewa, bwera kuno!"

Nguluwe adamva ali kummawa. "Ndikubwera a Njati, m'mimba mwandipotokola." Adatola chipewa mozemba, liwiro kudzera kuchigwa, poti njira yapafupi akadamuona. Adafika ali wefuwefu, n'kupeza minga ili pamphuno pake.

"Mayi, mayi, musatero! Kuno ndi kotchipa. Makumi atatu, khadi lili momwemo!"

Sakhwi mumng'alu lowu, kummawa tulukiru.

"A Njati, dengulo musatule msanga. Kuseriku, osapereka ngakhale lichero limodzi akugula makumi atatu. Ife a inshuwalansi, makumi anayi."

Njati adapalasa pansi, fumbi kobo! "Nguluwe! Zaka zisanu ndi ziwiri ndikusenza dengu ine! Nguluwe!"

Liwiro Nguluwe, kudzera kuchigwa. Chipewa vuu, pansi pa benchi.

"Bwana, bwana, lidali lilime chabe. Kuno makumi awiri ndi zisanu!"

Sakhwi lowu, tulukiru. "Amayi a Nungu, kummawa atsitsa. Makumi awiri ndi zisanu."

"Wachipewa!"

"Makumi awiri!"

Lowu, tulukiru. "A Njati, kumadzulo makumi awiri."

"Nguluwe!"

"Khumi ndi zisanu!"

Apa Sakhwi adagwira kansalu kake. Njerezo zidali zokwana ndendende, ndipo mayi ake ankamudikira. Koma chipanda chimodzi cha mankhwala chimatha sabata imodzi, pomwe mvula idali kutali. Adakumbukanso funso la chipere lija. Adamanga kansalu kolimba, n'kulowanso mumng'alu.

Nguluwe akadangonena kuti, "Ndine ndemwe," bwenzi atapuma. Koma akayang'ana dengu la Njati, malovu ankadza. Akayang'ana mzere wa makhadi, malovu ankadzanso. Ndiye ankangothamanga. Chigwa kutsika, chigwa kukwera. Khumi ndi ziwiri! Khumi! Zisanu ndi ziwiri! Chitedze chidamuyabwa, lilime lidatuluka, miyendo idayamba kupingana.

Ulendo womaliza adafika kummawa chokwawa. Adagwera pabenchi phii!

"Zi... zitatu," adatero. "Zitatu, bwana."

Sakhwi adamasula kansalu pompo. "Mwamva nonse. Ndipatseni zipanda zisanu."

Nguluwe adapereka. Koma Njati sankayang'ana zipanda. Ankayang'ana pamutu pa Nguluwe.

"Chipewa cha mng'ono wako chikutani pamutu pako?"

Nguluwe adagwira pamutu. Chipewa chili pomwepo.

"Wa... wandibwereka."

"Mwayamba liti kulankhulana?"

Nthawi yomweyo Nungu adatulukira ndi mzere wake wonse, atatopa kudikira. "Wachipewa, wathawira kuno?"

"Uyu ndi Nguluwe," adatero Njati.

"Uyu ndi wachipewa," adatero Nungu.

Nguluwe adayang'ana nyanga, adayang'ana minga, adasowa pothawira. Tsiku limenelo malichero adabwerera kwa eni ake, makhadi adasonkhera moto. Benchi ya kumadzulo Njati adaisenza yekha n'kuilumikiza ndi ya kummawa. Ndipo adalamula kuti mtengo wa mankhwala aliwonse Nguluwe aziutchula mokweza, wina asanafunse.

Sakhwi sadadikire zonsezo. Adamangirira zipanda kumsana, liwiro kunyumba. Adawadzutsa mayi ake, kuwamwetsa pang'onopang'ono. Adakhala pambali akumvetsera. Fwii uja adayamba kuchepa, kuchepa, mpaka adatha. Mayiwo adakoka mpweya wautali, adatsegula maso, adapempha phala. Sakhwi misozi idalengeza.

Atamwa phala, mayiwo adawerenga zipanda.

"Mwanawe, chimodzi wagula zingati?"

"Zitatu zokha, amayi! Kuchoka pa makumi anayi!"

Mayiwo adapukusa mutu. "Zitatu zonse? Ana a masiku ano. Osanenerera n'komwe?"

Nthano yanga yagwa pamenepa, phulani chinangwa chisanasanduke khala. Koma wamalonda akakuuzani kuti kuseri n'kodula, pitani mukamve ndi makutu anu, ndipo mukafikeko iye asanafike.