Dzina Linadikira Panjira

Panali amayi awiri, mabwenzi a kuyambira ku utsikana, ndipo nkhaniyi mpaka lero aliyense amaifotokoza mwake. Nasibeko amati mnzake anali atayamba matama. Nagama amati mnzakeyo ndiye ankaumira mawu. Imvani, muweruze nokha.

Nagama anali telala, ankasoka pakhonde la sitolo ina kumsika. Nyengo ya maukwati itafika, ntchito inamuchulukira moti ngakhale madzi ankamwa mapazi ali pa makina. Masiku omwewo Nasibeko anayamba kubwera pafupipafupi. Ankakhala pabenchi pakati pa odzasoketsa, n'kumacheza za kutentha kwa dzuwa ndi za mbuzi zomwe zinamudyera dimba. Akatero ankati, "Ndapita, anzanga," n'kuima pamasitepe, kumasula chitenje n'kuchimanganso. Nagama ankayankha maso ali pa singano: "Pitani bwino, mukapereke moni kunyumba."

Mumtima Nagama ankadandaula kuti mnzakeyo wasowa chochita, akungomudyera nthawi. Nayenso Nasibeko ankabwerera akung'ung'udza kuti munthu wosaperekeza mlendo ndiye kuti chibwenzi chamukwana. Atatsanzika tsiku lina, mumtima anali atalumbira kuti pakhondepo sadzapondanso.

Tsikulo ulusi unaduka. Nagama atadzutsa mutu, anaona mnzake ali chiimire pamasitepe, akumanga chitenje chomangika kale. Anazindikira kuti munthuyu sakudikira chitenje. Anasiya diresi la mkwatibwi lili pa makina, n'kuvala patapata.

"Tiyeni ndikutulutseni."

Anayenda limodzi mpaka pakamlatho ka kuseri kwa msika, pomwe phokoso la chigayo limathera. Apo Nasibeko anatsokomola.

"Mdzukulu wanga uja alibebe dzina. Makolo ake akuti mumutche ndinu. Akuchimuna atopa n'kudikira, akuti Loweruka akapanda kumva kanthu atcha okha."

Nagama anagwira pakamwa, kenaka anaphulika kuseka.

"Masiku onsewa mumayendera zimenezi? Inu, pakamwa panali posokedwa? Ndikanakusomolani ulusiwo!"

"Nanga dzina la mwana n'lonenera pakati pa anthu odzayesa masiketi? Nkhani yaulemu imanenedwa panjira, poperekezana. Mwaiwala liti?"

"Ndiye bwanji osangondikodola, n'kunena kuti muli ndi mawu?"

"Bwanji inu osadzutsa mutu?"

Anaseka onse mpaka wanjinga wina anawaimbira belu kuti apatuke. Loweruka lake Nagama ananyamula khandalo, nalitcha Timvane.

Abale anga, ine sindipeza wolakwa yekha pamenepa. Nasibeko ankasunga ulemu, ndipo ulemu ndi wabwino, koma mutu wako sukhala ndi zenera loti mnzako aonere zomwe wabisa. Nagama ankasamala ntchito, ndipo ntchito ndiyo imadyetsa ana, koma munthu salankhula ndi pakamwa pokha. Amalankhulanso ndi mapazi ozengereza pakhomo. Mukakhala ndi mawu, perekani chizindikiro chomveka. Wina akatsanzika koma osachoka, siyani zomwe mwagwira.

Awiriwo sanagwirizanebe za amene analakwa. Koma kuyambira sabata imeneyo, mlendo akangoti "ndapita," Nagama amaimitsa makina, ngakhale mkwatibwi akhale akudikira pabenchi, n'kumuperekeza mpaka pakamlatho paja.