Tebulo limodzi la ana a Nambewe

Kalekale, mabasi akadaima pasiteji iliyonse kudikira kuti anthu adye, pa esiteti ina ya fodya ku Kasungu panamwalira mayi wina dzina lake Nambewe. Anasiya ana atatu: Ndaona wa zaka khumi ndi ziwiri, Lonjezo wa zisanu ndi zitatu, ndi mzime Zione, yemwe anali asanayambe n'sukulu yomwe.

Atameta maliro, akuluakulu anagawana anawo ngati mbuzi za chuma chamasiye. Ndaona akakhala ku Kawale ndi mayi ake aang'ono, a Edina. Lonjezo apita ku Dedza ndi malume ake, a Bizaliyele, omwe anali eni mbumba. Bambo a anawo, a Gelesomu, anachonderera mpaka anawasiyira Zione kuti apite naye kwawo ku Balaka. Anagwirizana kuti ana asauzidwe, onse akwere basi imodzi, akasiyane padepoti ya Lilongwe. Koma Ndaona anali atamva zonse ali kuseri kwa chigafa choyanikamo fodya.

Mtsikanayu sanalire. Anangokumbutsa akuluakuluwo kuti amayi awo ankanena chaka ndi chaka kuti fodya akagulitsidwa adzawatengera kulesitilanti, atatu onse patebulo limodzi, akadye mpunga wa nkhuku ndi mafoloko.

"Tidyeko lero pamodzi, basi," anatero. "Sindipemphanso china."

Akuluakulu onse atatu anavomera, ndipo ndikukuuzani kuti anavomera ndi mtima wonse.

Pa boma la Kasungu anasankha malo odyera ndi a Gelesomu. Munthu amene wakanika kusunga ana ake amafuna aoneke bambo tsiku lomaliza, ndiye anadutsa timalo tonse ta pamsika n'kukalowa m'lesitilanti ya magalasi, ya nsalu zoyera pamatebulo. Ana anakhala mwaulemu, Zione miyendo ili lendelende pampando. Anadikira pafupifupi ola lathunthu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: mpunga unabwera wozizira, wochezera, ndipo nkhuku inali itayamba kafungo. Lonjezo, njala itamupweteka, anali atanyamula kale foloko, akuti adya mpunga wokhawo. A Gelesomu anamulanda mbale. Anakalipira mwini malowo kuti ana awo ndi amasiye koma si agalu, n'kuwatulutsa onse manja ali m'khosi. Anakwera basi osalawa kanthu.

Pa Mponela anasankha ndi a Bizaliyele. Iwo ankanyoza za nsalu zoyerazo njira yonse, amvekere fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo mwana wanjala sadya galasi. Anawatsogolera ku kanyumba kamalata kumene ankadyera madalaivala a malole. Kumeneko chakudya chinali chenicheni, nkhuku yachikuda yofewa, msuzi wamatimati wonunkhira mpaka kumsewu. Koma m'katimo munali benchi limodzi lodzaza amuna. A Bizaliyele anakulira m'nyumba mmene mwamuna sadyera limodzi ndi akazi, ndipo sanaganize kawiri. Anakhazika Lonjezo pakati pa iwo ndi a Gelesomu, atsikana n'kuwalozera kuseri, pamkeka wa azimayi ophika. Ndaona anayesa kunena kuti si mmene anapemphera, koma kondakitala anali atayamba kale kumenya chitseko cha basi, ndipo malume anangoti aliyense adye msanga. Lonjezo anakhuta. Zione ananyambita fupa limodzi. Ndaona anangoyang'ana khoma limene linali pakati pa iye ndi mlongo wake, chakudya chake n'kupatsa galu wa pamalopo.

Pa Lilongwe anasankha ndi a Edina. Iwo anali ataona zolakwa zonse ziwiri, ndipo tauniyi ankaidziwa. Anapeza malo aukhondo pafupi ndi depoti, analowa okha kukhitchini kukanunkhiza mphika, kenako anakokera mipando itatu patebulo la pakona, akuluakulu n'kuima poteropo. Zonse zinali m'malo mwake. Koma podikira chakudya, Zione anayamba kuuza Lonjezo kuti akafika kumene akupitako azikagona pakati, monga mwa masiku onse, chifukwa iye amaopa mdima. A Edina zinawalasa mumtima. Basi ya ku Balaka inali itatsala pang'ono kunyamuka, ndipo anaona kuti akapanda kunena tsopano, mwanayo angonyamulidwa padepoti ngati thumba, osatsanzika abale ake. Anagwada pambali pa tebulo.

"Ana anga, ndisakunamizeni. Tikatha kudya pano, aliyense apita kwayekha. Ndaona atsala ndi ine. Lonjezo apita ndi amalume. Iwe Zione upita ndi atate."

Zione anafunsa ngati Ndaona abwera mawa.

Ndi nthawi imeneyo pamene mbale zinafika, mpunga woyera, nkhuku yotentha, mafoloko atatu okulunga m'timapepala. Zione anatsika pampando n'kukakwawira pansi pa tebulo, atakumbatira mwendo wa mkulu wake. Lonjezo anayika mutu pamikono, mapewa akugwedezeka. Ndaona anadula kanyama, anakatsitsira pansipo, ananyengerera, koma kamwa la Zione linali lotseka. Anakhala choncho mpaka chakudya chinazizira, ndipo a Gelesomu anachita kumatula zala za mwanayo chimodzichimodzi kuti akapeze basi.

Zimandiwawa kunena zotsalazi. Ana aja sanakumanenso onse atatu. Dzinja lachiwiri malungo anamutenga Zione ku Balaka, ndipo uthenga unafika ku Kawale ndi ku Dedza maliro atayikidwa kale.

Akuluakulu aja atakumana pambuyo pake, aliyense analoza mnzake chala. A Bizaliyele anati mkamwini akanasiya matama, ana akanadya mpunga wozizira womwewo pa Kasungu, patebulo limodzi, asanadziwe kanthu. A Gelesomu anati palibe bambo angadyetse ana nyama yonunkha paulendo wautali, ndipo chakudya chabwino chinapezeka pa Mponela, koma wina anawadula pakati ndi mwambo wake. A Bizaliyele anayankha kuti mwa onse atatu ndi iwo okha amene anaikako kanthu m'mimba mwa mwana, ndipo a Edina akanangotseka pakamwa mphindi khumi zokha. A Edina anati mphindi khumi zimenezo ndi zimene ana anatsanzikirana, ndipo akanakhala chete, Zione akanapita osagwirako ngakhale mwendo wa mkulu wake.

Ine mlandu uwu wandikanika, ndiye ndaubweretsa kwa inu. Ndaona anapempha chinthu chimodzi chokha. Ndani anamumana: bambo amene anakana chakudya choipa, malume amene anawadyetsa chabwino mowalekanitsa, kapena mayi aang'ono amene ananena zoona mbale zisanafike?