Kamtedza ndi Chipinda cha Utsi

Mumzinda wina munali munthu wina wozimitsa moto, dzina lake Kamtedza. Ntchitoyi anaiyamba ali mnyamata, ndipo imvi zinamupeza akukwerabe galimoto yofiira ya ozimitsa moto. Msika utapsa, iye analipo. Nyumba yosungiramo fodya itayaka, anakwera padenga ndi iyeyo. Manja ake anali zipsera zokhazokha, ndipo akamadutsa mumsewu anthu ankakodolana n'kumamuloza.

Masiku amene iye ankayamba ntchito, zipangizo zinali zochepa. Munthu ankanyowetsa nsalu, n'kudzimanga pamphuno, n'kulowa. Kamtedza anazolowera choncho, ndipo mumtima mwake ankati iye ndi utsi anadziwana kalekale.

Koma mzinda unakula, moto nawo unasintha. M'masitolo munadzaza mapulasitiki, matiresi ndi penti, ndipo utsi wa zinthu zotere umagwetsa munthu asanaone n'komwe lawi. Akuluakulu a ntchito anagula zigoba zopumira, zophimba nkhope yonse, zokhala ndi silinda ya mpweya yobereka kumsana. Analamula kuti aliyense, watsopano ndi wakale yemwe, apite kumaphunziro. Wolephera asadzakwerenso galimoto.

Kamtedza anapita akuseka. Kumeneko anapeza kuti mphunzitsi ndi Tiyanjane, mayi amene iye mwini anamuphunzitsa kagwiridwe ka payipi pamene ankangoyamba kumene ntchito. Anapatsana moni mosangalala, maphunziro n'kuyamba.

Zambiri sizinamuvute. Makwerero ankakwera ngati mnyamata. Mfundo za chingwe ankamanga akuyang'ana kumbali. Ophunzira anzake akasokonezeka ankaonera kwa iye.

Kenako linafika tsiku la chipinda cha utsi. Chipindacho chinali kontena yakale yachitsulo yopanda zenera, mkati mwake muli tinjira tokhotakhota ta matabwa ndi matayala. Ankadzazamo utsi n'kutseka chitseko. Ophunzira ankalowa awiriawiri atavala zigoba, akukwawa, wam'mbuyo atagwira jombo ya wakutsogolo. Ntchito yawo inali kupeza chidole chodzaza mchenga, cholemera ngati munthu wamkulu, n'kutuluka nacho.

Kamtedza anapatsidwa mnzake wolowa naye, bambo wina amene anali atangokwatira kumene. Bamboyo atamva kuti agwira jombo ya Kamtedza, nkhope yake inamasuka.

Chitseko chinatsekeka. Munali mdima wa ndiweyani. Chigoba chinamukanikiza Kamtedza kumaso, ndipo sankamva china koma kupuma kwake komwe, ngati mvukuto. Anakwawa pang'ono. Chifuwa chinathina. Mtima unagunda mpaka m'makutu. Munthu amene anaimapo pakati pa malawi osanjenjemera anamva ngati amukwirira wamoyo. Manja ake anachita okha: anazula chigoba chija. Utsi unamulowa kukhosi. Anatsokomola, anasokonera njira, anaponda dzanja limene linamugwira jombo, n'kuyamba kumenya khoma la chitsulo. Anthu a panja anatsegula chitseko n'kumukokera kunja. Mnzake uja anatsala mkati, akupapasa mumdima kufuna mwendo umene unamuthawa, mpaka anachita kumuitana.

Palibe anaseka. Kamtedza akanakonda akanaseka.

Anamupatsa mwayi wina, zinachitika chimodzimodzi. Anayesanso, osaphula kanthu. Tsiku lotseka maphunziro litayandikira, Tiyanjane anamuitanira kuseri kwa thanki ya madzi, kumene kunalibe anthu.

“Bambo,” anatero motsitsa mawu, “zonse zimene ndimadziwa ine zinayambira kwa inu. Mzinda wonse ukudziwa kuti ntchitoyi mumaitha. Ndingonena kuti mwakhoza. Palibe angandifunse.”

Kamtedza anayang'ana pansi. Mawuwo anamukomera, ndipo sanadzinamize kuti sanamukomere. Anaganiza za galimoto yofiira ikutuluka popanda iye. Anaganiza za anthu amene ankamuloza mumsewu, ndi zimene adzanene. Pakamwa pake panali patatsala pang'ono kunena kuti zikomo.

Atakweza maso, anaona patali bambo uja amene analowa naye. Anali atakhala pa tayala, akuvutika kumasula zingwe za jombo ndi dzanja limodzi, chifukwa zala za dzanja linalo zinali zikadali zotupa.

“Mwanangu,” anatero Kamtedza, “munthu uja anandigwira mwendo chifukwa anamva dzina langa. Ine ndinamuponda n'kumusiya mumdima. M'chipinda muja muli chitseko choti utsegule. Nanga m'sitolo yoyaka adzatsegule ndani?”

Kamtedza anaima mowongoka, monga aimira wophunzira, ndipo kalankhulidwe kake kanasintha.

“Aphunzitsi, kaneneni zimene mwaona. Ndalephera. Koma mundisungire malo m'gulu lotsatira.”

Tiyanjane anakanena zimene anaona, ndipo akuluakulu anamutsitsa Kamtedza pagalimoto. Anamupatsa ntchito yosesa pabwalo, kutsuka mapayipi ndi kuwayanika. Belu loitanira kumoto likalira, miyendo yake inkathamanga yokha, n'kukaima pakati pa bwalo itakumbukira. Galimoto inkatuluka ikulira, iye n'kutsala ndi tsache m'manja, fumbi likumugwera. Ena ankanena poyera kuti mkuluyu watha, angopuma. Mkazi wake naye anamuuza kuti wagwira ntchito yokwanira, palibe angamunene. Iye anangoyankha kuti adzapuma, koma osati chifukwa chothawa chigoba.

Anapempha chilolezo choti azibwereka chigoba chimodzi nthawi ya nkhomaliro. Anzake akamadya, iye ankakhala pansi pa mtengo atachivala. Poyamba sankachedwa kuchivula, thukuta lili kamukamu. Ankapuma, n'kuvalanso. Patapita masiku anayamba kuyenda nacho kuzungulira bwalo. Kenako ankasesa atachivala, silinda ili kumsana. Atazolowera zimenezo, anadzimanga nsalu yakuda pagalasi la chigobacho n'kumakwawa kunsi kwa lole yakufa imene inali kumapeto kwa bwalo, kulowera uku n'kutulukira uko. Mawondo ananyuka. Msana unkamupweteka moti m'mawa ankadzuka mogwira khoma. Anzake poyamba ankamuseka. Kenako analeka. Ena anayamba kubwera kudzakwawa naye.

Mvula inabwera, inapita. Gulu latsopano linafika, anthu a msinkhu wa ana ake. Kamtedza anafola nawo pamzere, ndipo dzina lake likaitanidwa ankayankha mokweza ngati wina aliyense. Anabwereza zonse, ndi zimene ankazidziwa kale zomwe, osapempha kuti amudumphitse.

Tsiku la chipinda cha utsi linafikanso. Ulendo uno wolowa naye anali mayi wina amene ankavutika kumanga malamba a silinda. Kamtedza anamuyandikira.

“Mayi, musadalire dzina langa,” anatero. “Ine muno ndinalephera. Mukamva kuti ndaima, mundigwedeze mwendo. Inunso mukaima, sindipita popanda inu.”

Chitseko chinatsekeka. Ndipo mantha aja anabwera, athunthu, monga anabwerera poyamba. Miyezi yonse ija sinawachotse. Chifuwa chinathina, mdima unamupanikiza, ndipo dzanja lake linanyamuka kupita ku lamba wa chigoba. Kamtedza analimva likupita. Analigwira ndi dzanja linzake, n'kulitsitsa, n'kulikanikiza pachitsulo cha pansi. Anapuma mpweya wa m'silinda pang'onopang'ono, monga ankachitira kunsi kwa lole. Kumbuyo, mayi uja anamugwedeza mwendo. Iye anasuntha bondo limodzi, kenako linalo.

Anadutsa pa matayala. Anasochera pakona ina, anabwerera, anapeza njira. Dzanja lake linakhudza chinthu chokhakhala, cholemera. Anachigwira m'khwapa, mayi uja anagwira miyendo, n'kuyamba kukoka.

Amene anali panja anamva kugogoda. Atatsegula, utsi unatuluka poyamba. Kenako anatuluka Kamtedza chokwawa, chigoba chili kumaso, akukoka chidole cha mchenga, mnzake ali pambuyo pake. Sanavule chigobacho mpaka ataona kuti mayi uja watulukiratu ndipo waimirira. Atavula, anakhala pansi pafumbi.

Tiyanjane anabwera n'kuima patsogolo pake, gulu lonse likumva.

“Mwakhoza, bambo,” anatero. “Mawa mukwera galimoto.”

Inu amene mukumva fanizoli, ena mwa inu mwakhalitsa pantchito zanu, ndipo anthu amakudziwani. Zimenezo n'zabwino. Koma tsiku lidzafika loti mudzakumane ndi chinthu chimene simukuchitha, ndipo pafupi padzakhala munthu wokukondani amene adzafune kukubisirani manyazi. Sadzakhala mdani wanu, n'chifukwa chake kudzakhala kovuta kumukana. Mukaneni ndithu. Vomerani pamaso pa anthu kuti apa sindikudziwa, bwererani pamzere wa ophunzira ngakhale muli ndi imvi, ndipo musachokepo mpaka mutachidziwadi. Manyazi a tsiku limenelo ndi anu nokha, ndipo amatha. Koma mukalola kuti akunamizireni kuti mwakhoza, amene adzapwetekedwe ndi bodzalo si inu. Ndi munthu wina amene anamva dzina lanu, nakukhulupirirani, n'kulowa nanu mumdima.