Mbuzi ya M'buku la a Kaliwo

Ana inu, mwambi woti "m'mera mpoyamba" mumaulemba pa mayeso ndipo ndimakuchongerani. Koma ndikafunsa komwe unachokera mumangoyang'ana kudenga ngati yankho lili pa malata. Khalani bwino, ndikuuzeni momwe ine ndinamvera.

Kale, m'mudzi wina wa m'mbali mwa dambo munali mlimi wa matimati dzina lake Kaliwo. Anali mkamwini pamudzipo, ndipo iye ndi mkazi wake Nankhoma anali ndi mwana mmodzi wamkazi, Ndaziona. Kaliwo anali ndi khalidwe loseketsa. Mbande za pa nazale yake, kuseri kwa nyumba, ankazilonjera m'mawa uliwonse pozithirira, koma kwa mwana wake sankanena kanthu. Mkazi wake akamuseka, ankayankha kuti, "Khanda ungaliuze chiyani? Akadzayamba kuyankhula tidzacheza." Nankhoma nayenso manja ake sankapuma, choncho mwana ankangokhalira kumsana, kuyang'ana nkhongo ya mayi ake.

Ndaziona anakwanitsa zaka ziwiri ndi theka osatchula ngakhale "amama". Akafuna madzi ankangoloza. Nkhaniyi inafika kwa a Dzoole, mchimwene wake wa Nankhoma, amene anali mwini mbumba.

"Lilime la mwanayu ndi lomangika," anatero a Dzoole. "Mwezi ukaoneka asanayankhule, ndipita naye kwa munthu wodziwa, akadule kamtsempha ka pansi pa lilime ndi lumo."

"Lumo m'kamwa mwa mwana, achimwene?" anafunsa Nankhoma, misozi ikulengeza.

"Ndanena basi."

Kaliwo mtima unamupweteka kwambiri, koma mkamwini alibe mawu pa mbumba ya eni ake.

Sabata yomweyo khasu linamutema Kaliwo paphazi, moti sakanatha kuyenda. Nankhoma ndiye ankapita kudimba, n'kusiya bambo ndi mwana pakhonde, awiri osayankhulana. Tsiku lachitatu Kaliwo anatopa ndi kuwerenga nkhuku zodutsa pabwalo. Anakumbukira kabuku ka zaulimi kamene mlangizi anamupatsa, kamene anakakulunga m'pepala n'kukatsomeka kudenga kuopa kuti mwana angang'ambe. Sukulu sanapite nayo patali, ndiye ankawerenga mokweza, chala chili pansi pa liwu lililonse.

Ndaziona atamva mawu a bambo ake anabwera, nakhala pa mwendo wabwinowo, n'kuika kachala pa chithunzi.

"Imeneyo ndi mbuzi," anatero Kaliwo. "Mbuzi. Taona, ikudya mbande. Mbuzi ikamadya mbande timati chiyani? Timati, choka."

Mwana anaseka mpaka kugwera chagada. Kaliwo atatsegula tsamba lina, iye analibweza. Kaliwo anabwereza za mbuziyo kasanu, ndipo mawa lake mwana ndiye anayamba kuloza kudenga kumene kunali buku. Nankhoma akaweruka kudimba ankakhala nawo pamphasa, ndipo pa tsamba la nkhuku ankalira ngati tambala mochititsa manyazi tambala weniweni. Makolowo ankamufunsa mwanayo, n'kumudikira, n'kudziyankha okha. Tsamba la mbuzi linada ndi zala za phala. Ndaziona ankagwedeza milomo ndithu, koma liwu osatuluka. Masabata atatu anatha, ndipo mwezi unaoneka.

M'mawa mwake a Dzoole anafika atavala jekete lawo la paulendo. Nankhoma anagwada n'kuwapempha sabata imodzi yokha. Kaliwo, ndodo ili m'manja, anayesa kunena kuti, "Alamu, mwanayu akumva, kungoti..." koma a Dzoole anali atamunyamula kale mwana n'kumuika paphewa, nkhope yake italoza kumbuyo.

Pamwamba pamenepo Ndaziona anaona zimene akuluakulu onse sanazione: kuseri kwa nyumba, mpanda wa udzu unali utabooka.

"Mbuzi!" anakuwa mwanayo m'khutu mwa amalume ake. "Mbuzi idya! Choka!"

Kenako a Dzoole anatembenuka, ndipo anaona mbuzi ili pakati pa nazale, masamba ali kukamwa. Kuiyang'anitsitsa, inali mbuzi ya a Dzoole omwewo. Anatsitsa mwana n'kuyamba kuithamangitsa, jekete likuuluka, uku Ndaziona akuwathandiza ndi "choka, choka" wake. Nankhoma ankaseka ndi kulira nthawi imodzi. Mbuzi inali itadya mzere umodzi wokha.

A Dzoole anabwerera ali wefuwefu. "Alamu, mwamumwetsa mankhwala anji mwanayu?"

Kaliwo anawaonetsa kabuku kakuda kaja. "Mankhwala ndi awa, alamu, ndipo wopusa ndinali ine. Mbande ndimazithirira zisanandipatse tomato ngakhale mmodzi. Koma mwana wanga ndinkadikira kuti ayambe ndi iye kundiyankhula. Akanawatenga kuti mawuwo? M'mera mpoyamba."

Ulendo wa ku lumo unathera pomwepo. Akuti chisanathe chaka, Ndaziona ankafunsa mafunso kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, moti a Dzoole omwewo ankafunsa ngati kulibe munthu wodziwa kumanga malilime. Mawu a Kaliwo aja anayenda kuchokera ku dimba lina kupita ku lina, mpaka anasanduka mwambi.

Tanthauzo lake ndi ili, ana inu: chinthu chimakoma kapena kuonongeka pachiyambi pake. Mbewu imene sinasamalidwe ili m'mera, ngakhale muithire manyowa itakula, sibala mokondweretsa. Mwananso amatola mawu asanayambe kuwatchula, ndipo amawatola pa miyendo ya makolo ake, akamamuonetsa zithunzi, kumufunsa ndi kumudikira kuti ayankhe. Mwana akachedwa kwambiri kuyankhula, kopita naye ndi kuchipatala, osati ku lumo. Koma zocheza naye musadikire tsiku limene adzayambe iyeyo. Buku likada ndi phala musadandaule. Buku loyera lotsomeka kudenga silinaphunzitsepo mwana ngakhale liwu limodzi.