Mbiya Yomata ya Nangozo

Panali munthu wina kumapiri a ku Dedza, mkamwini, amene ankalima maluwa oika mu mowa. Inu amene simumwa musatseke makutu, sindikukutumani kumowa ayi.

Ali mnyamata, munthuyu ankagwira ntchito m'munda wa pamishoni ina. Abambo achizungu a pamenepo anali ndi chomera choyanga ngati nyemba, ankachitcha hopusi, ndipo timaluwa take tobiriwira ankatiika mu mowa wawo. Ntchito itatha, anapempha mizu n'kukaibzala kuseri kwa nyumba, kumudzi kwa mkazi wake Nangozo. Chinali chomera chamatama. Chinkafuna mitengo italiitali yoyangapo, chinkafuna madzi, ndipo pobala chinkabala monyinyirika. Duwa lake ukalifikisa m'manja linkangomveka ngati udzu wonyowa. Ukalilawa, ndulu yeniyeni.

Nangozo anali wofulula mowa. Anali ndi mbiya yakuda imene amayi ake anamusiyira, ndipo mbiyayo sankaitsuka pansi. Mowa ukatha ankasiyamo nsenga, timatope toyera tija totsalira pansi, chifukwa ndi zimene zinkawiritsa mowa wotsatira. Ngakhale pamene sankafulula, ankaziziritsa phala pang'ono n'kuthiramo. Mwamuna wake ankamuseka kuti, "Anzanu akudyetsa ana, inu mukudyetsa mbiya." Awiriwa analibe mwana. Ankaseka onse, ngakhale nthabwalayo inkaluma pang'ono.

Tsiku lina mowa uli mkati mowira, thovu likuchita kuyankhula, Nangozo anatapa maluwa a mwamuna wake dzanja limodzi n'kuponyamo. Mowawo utapsa, nyumba yonse inanunkhira gwafa wakupsa ndi khungu la lalanje, chonsecho pamudzipo panalibe gwafa kapena lalanje. Ulendo wina anaika maluwawo mowa utaleka kuwira, ndipo kunatuluka kuwawa kokha. Ulendo wina sanaikemo konse, mowa unatsekemera bwino koma sunachedwe kusasa, ndipo fungo lija kunalibe. Apo anadziwa kuti fungolo lili m'duwa ndithu, koma ndi lomangika. Zolimasula zinali nsenga za mbiya ija, ndipo zinkalimasula pokhapokha zili zamoyo, zili pa ntchito.

Mowa wa Nangozo unamveka mpaka kutsidya kwa mtsinje. Pakhomopo sipankasowa anthu. Mkamwini uja, amene kale ankakhala pa mwala m'mphepete mwa bwalo, anayamba kupatsidwa mpando. Amayi a m'mudzimo ankabwera ndi zipanda kudzatapa nsenga zoti akayambire mowa wawo, ena n'kupemphanso maluwa. Nangozo sankamana munthu.

Koma chakudza sichiimba ng'oma. Mvula ili pakati Nangozo anadwala, ndipo sanadzukenso.

Achibale a malemu sanamuthamangitse mkamwini wawo. Anati, "Khalani, mwakalambira konkuno." Masiku oyamba anthu ankabwera kudzamuona. Kenaka mapazi anayamba kuchepa, monga mmene zimakhalira, mpaka njira ya kunyumba kwake inamera chisoso. Kwawo anachokako kalekale, omudziwa anatha. Anatsala iye ndi mbiya. Akavundukula, fungo lija linkatuluka, ndipo kwa kanthawi zinkakhala ngati Nangozo wangopita kuchitsime. Munthuyo ankavundukula kawirikawiri, koma tsiku lina anaona ngati fungolo layamba kuchepa, ndipo mantha anamugwira.

Itafika nyengo yozizira, kuzizira kwa ku Dedza koboola mafupa kuja, kunabwera mlamu wake, mng'ono wa malemu, chipanda chili m'manja.

"Alamu, nsenga zanga zafooka ndi kuzizira, mowa sukuwira," anatero mayiyo. "Ndipatseniko za m'mbiya ya achemwali. Kapena ndiinyamule ndizikaidyetsa kwathu, pakuti inu simufulula."

Munthuyo anaima pakhomo, manja atagwira mafelemu. "Zitenje zawo munagawana. Mbale munagawana. Ichi chokha ndisiyireni."

"Sindikulanda, alamu. Ndikubwereka."

"Ndati ayi."

Mayiyo anabwerera ndi chipanda chake chopanda kanthu. Tsiku lomwelo munthuyo anapita pachulu, anakumba dothi, analikanda. Anavindikira mbiya ndi mbale yadothi, n'kumata m'mbali monse kuti fungo lisapeze potulukira. Kenaka anaikankhira kuchipinda, kumutu kwa mphasa yake.

Ine munthuyu sindimuweruza. Ndimamumvera chisoni. Amene munadzukapo m'nyumba imene munali awiri n'kupeza kuti mukudziyankha nokha, mukudziwa mmene dzanja limafumbatira chimene chatsala.

Chaka chimenecho maluwa anabala monga sanabalepo. Munthuyo ankawathirira, ankawathyola, ankawayanika pamthunzi, osayankhula ndi munthu. Mumtima mwake anali ndi chinthu chimodzi chokha. Ankati tsiku lomanga chiliza pamanda a mkazi wake adzafulula yekha m'mbiya ija, ndipo mudzi wonse udzamvanso fungo la Nangozo. Ankawaona kale m'maganizo anthu atadzaza pakhomo, akununkhiza chipanda asanamwe, ena akupukuta misozi. Chimenecho ndicho chinkamudzutsa m'mawa.

Nthawi inakwana. Anamiza mawere, anayanika chimera, anaphika phala monga ankamuonera mkazi wake. Ndiye anatenga mpeni n'kugamula dothi lija.

M'mbiyamo munali mouma. Nsenga zinali zitang'ambikang'ambika ngati dambo la m'chilimwe, m'mbali muli chuku. Analowetsa mutu kuti anunkhize, koma munangomveka fumbi. Anati mwina zagona, zidzuka zikaona chakudya. Anathira phala, anavindikira, anadikira. Ankati akapita kumunda n'kubwerako, ankaika khutu pa mbiya. Mbiya inali chete.

Tsiku litayandikira, anatsikira kugolosale n'kukagula yisiti wa mandasi. Ameneyo sanachedwe, mowa unawira mpaka kusefukira. Munthuyo anaponyamo maluwa, manja awiri pamene Nangozo ankaika limodzi, kenaka anaonjezeranso. Mowawo unapsa ndithu, unali waukali, koma fungo lija silinabwere. Kununkha kwake kunali kwa buledi wosapsa, ndipo kuwawa kwake kunkakanirira kukhosi.

Anthu anabwera. Anamanga chiliza, anaimba, n'kudzakhala pakhomo. Chipanda chinayenda. Aliyense ankachinunkhiza kaye mwachizolowezi, n'kumwa pang'ono, n'kupatsa mnzake msanga. Panalibe wonyoza. Ankangoti, "Mwayesetsa, bambo." Dzuwa likadali pamutu, mmodzi anakumbukira mbuzi zake, wina anakumbukira mwana wodwala, ndipo posakhalitsa pabwalo panatsala mipando yokhayokha, mbiya ili yodzaza.

Munthuyo anaona mlamu wake akutuluka, n'kumutsatira mpaka panjira. Chiyambire tsiku lija anamubweza ndi chipanda, anali asanayankhulanenso.

"Alamu," anatero, "kodi m'mudzi muno palibe amene akadali nazo nsenga za malemu? Paja ankapatsa aliyense. Ngakhale pang'ono pokha, ndikayambirenso."

Mayiyo anaima n'kutembenuka.

"Ankapatsa, inde. Koma zathu zikafooka, tonse tinkabwerera komweko, ku mbiya yawo. Za anzanga zinatha mmodzimmodzi. Zanga ndi zimene zinatsala pomaliza." Anakonza chitenje chake, misozi ili m'maso. "Zinafa sabata yomwe ija munandibweza. Inenso ndimawasowa achemwali, alamu. Ndinkangofuna kuti ndiziwamvako m'nyumba mwanga."

Atatero, mayiyo anatsika njira kupita kwawo.

Tsono inu amene munaika wanu m'manda n'kubwerera kukatseka chitseko, ndikuyankhula ndi inu. Sindikunena kuti musalire. Lirani, ndipo amene angakuletseni mubwere naye kwa ine. Koma zimene wanuyo anakusiyirani si zonse zili ngati mbale yoika pathandala. Zina ndi zamoyo, ndipo chamoyo ukachitsekera chimafa uli nacho m'manja. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Wina akagogoda kuti mumuphunzitse nyimbo imene malemu ankaikonda, kapena angofuna kukhala nanu pakhonde muzimutchula dzina, musamubweze poopa kuti akutherani. Wogogodayo nayenso wafedwa, ndipo mwina ndi yekhayo watsala amene akumukumbuka malemuyo monga inu.