Lachisanu la a Mwiinga

M'komboni ya Linda aliyense wamkulu ankadziwa kuti sabata ikamapita kumapeto si nthawi yokangana ndi a Mwiinga. Bambowa anali ndi kagolosale ka sopo, makandulo ndi mabanzi, koma ntchito yeniyeni ankaigwirira pakhonde, atakhala pampando wapulasitiki, foni ili m'manja. Anali wapampando wa komiti yoona zachitetezo m'deralo, komanso wapampando wa nthambi ya chipani cha khansala. Maudindo awiriwo anawakulitsa mtima moti ankayenda ngati msewu wa m'komboniwo anaulambula okha.

Luso lawo linali limodzi, ndipo ankalinyadira ngati digiri. Munthu akalankhula zosakomera khansala, kaya pamsonkhano kaya pagulu la pafoni la anthu a m'deralo, a Mwiinga sankamuyankha. Ankangomwetulira n'kudikira. Likafika Lachisanu dzuwa litapendeka, ankatsina khutu apolisi kuti uje akufuna kuyambitsa chisokonezo. Nthawi imeneyo khoti limakhala litatseka. Bwana wa polisi wosayina bondi, imene imalola womangidwa kudikira mlandu ali kunyumba, amakhalanso atachoka, foni atazimitsa. Sikuti ankachoka mwangozi ayi. A Mwiinga ndiwo anawaunikira bwanawo kuti Lachisanu masana ndi nthawi yabwino yokayendera munda. Lolemba munthu ankatulutsidwa popanda mlandu uliwonse, nsikidzi zitamudya mokwanira, ndipo pamsonkhano wotsatira ankakhala kumbuyo osatsegula pakamwa.

Pumulo, woyendetsa takisi kubwalo la ndege, anangofunsa chifukwa chimene mjigo wa anthu onse unakakumbidwira kumpanda kwa mlongo wake wa khansala. Anagona m'chitokosi, alendo amene anayenera kuwanyamula Loweruka anasowa wowatenga, ndipo loji yogona alendo imene inkamupatsa ntchito inamutaya. Lonah, wogulitsa kaunjika pamsika, analemba pafoni kuti zinyalala zafika pokwirira mabenchi awo. Naye anamutenga Lachisanu, kusiya mwana woyamwa, moti mng'ono wake ankachita kupita nalo khandalo kupolisi kuti likayamwe pakauntala. Zimenezi a Mwiinga ankazisimbira anzawo pakhonde akuseka mpaka misozi, ngati munthu amene wapha njovu ndi legeni.

Akazi awo a Gladys sankaseka nawo. Tsiku lina akusanja buledi pashelefu anawafunsa ngati iwo tsopano asanduka khoti, poti lamulo limati womangidwa akaonekere kwa woweruza msanga ndipo amvedwe mbali yake.

"Ma raiti ni ya bakawalala," anayankha a Mwiinga, akunyoza maufulu a anthu ndi buku la malamulo aakulu a dziko. "Muntu wabwino safuna konsitichushoni. Manje iwe uyopa chani? Boma ni yatu."

Mawu akuti boma ndi lathu amakoma m'kamwa, makamaka kwa munthu amene sanadzifunsepo kuti iyeyo ndi wa ndani. Anthu ngati a Mwiinga amaganiza kuti mphamvu ndi galu wa pakhomo, woti adzaluma alendo okha mpaka kalekale.

Koma tisawanamizire, chinalipo chimodzi chimene bambowa ankachikonda ndi mtima woona: mwana wawo wamkazi mmodzi yekhayo, Mapenzi. Ukwati wake utalengezedwa kutchalitchi, a Mwiinga anasoketsa suti, ndipo aliyense wodzagula machesi ankayamba wamva mmene adzamugwirire dzanja mwanayo polowa naye m'tchalitchi. Ankayeserera ngakhale kayendedwe kake kuseri kwa golosale akaona kuti palibe akuwaona.

Nyengoyo chipani chinali pafupi kusankha wodzachiimira pa chisankho. Mphekesera zinamveka kuti khansala uja akuluakulu atopa naye, ndipo diso lawo lili pa mwini loji wina wa cha ku Simonga. A Mwiinga, podziona ochenjera, anati ayambe kuwotha moto watsopano usanayake. Anasankha mwini lojiyo kukhala mlendo wolemekezeka paphwando la ukwati, khansala n'kumupatsa khadi wamba ngati wa aliyense. Khansalayo sanadandaule. Anayamikira kukongola kwa khadiyo, n'kufunsa bwinobwino kuti ukwatiwo ndi wa Loweruka liti.

Lachisanu lake, tenti ikudzutsidwa pabwalo, amayi akusosola nkhuku kuseri, galimoto ya polisi inaima pakhomo. Mlandu unali wakuti a Mwiinga akonza msonkhano wa ndale wopanda chilolezo n'kuubisa m'dzina la ukwati. Iwo anaseka, nauza anthu kuti apitirize ntchito, akubwera pompano. Ali m'galimoto anaimbira khansala, foni inangoitana. Anaimbira bwana wa polisi, yake inali yozimitsa. Kuseka kunatha pamene anawauza kuti avule nsapato ndi lamba.

A Gladys anayamba kuyenda khomo ndi khomo kufuna anthu awiri okawaimira amuna awo kuti apatsidwe bondi. Pamenepo ndiye anaona kuti komboni yonse yadwala tsiku limodzi. Wina mutu, wina chiphaso chake chasowa m'mawa womwewo, wina anatuma ana kukanena kuti kulibe pamene nsapato zake zili pakhomo. Anzawo a pakhonde aja, oseka nawo nthabwala za Lonah, anazimiririka ngati mchere m'ndiwo. Mayiwo anatsala pang'ono kukhala pansi pamsewu ndi manyazi.

Amene anavomera anali awiri omwe sanawayembekezere, Pumulo ndi Lonah.

"Sitiyendela beve, bamayo," anatero Pumulo akutsegula chitseko cha takisi yake. "Tiyendela Mapenzi. Mwana alibe mulandu."

Anafika kupolisi dzuwa lisanalowe, ziphaso zili m'manja, zonse zofunika zili m'malo. Wapolisi wa pakauntala anawamvetsera mwaulemu, kenako anawauza zimene Pumulo ndi Lonah ankazidziwa kale pamtima: bwana wosayina kulibe, apita kumunda, abwere Lolemba. A Gladys anagwada, anatchula za ukwati, anatchula za Mulungu. Wapolisiyo anati akumva chisoni, koma cholembera cha bwana sangachigwire iye.

A Mwiinga ankamva zonsezi ali kuseri kwa zitsulo, ndipo anakuwa kuti ali ndi ufulu, kuti sangasungidwe chonchi popanda kumvedwa, kuti malamulo aakulu a dziko amanena momveka. Anafika pamenepo n'kuima, chifukwa chimene malamulowo amanena sankachidziwa. Buku limene ankalitcha la akuba anali asanalitsegulepo.

"Ikamba chani konsitichushoni, ba cheya?" wapolisiyo anafunsa wapampandoyo mofatsa. "Tipunziseni. Ise tiziba chabe vamene munatipunzisa imwe."

Ukwati sudikira munthu. Chakudya chinali chitaphikidwa, alendo atafika kuchokera ku Choma ndi ku Mongu, abusa atakonzeka. Mapenzi analira mpaka ufa wa kumaso unachita kupakidwanso, ndipo amene anamugwira dzanja polowa m'tchalitchi anali amalume ake, atavala jekete yobwereka. Mwini loji uja sanabwere n'komwe. Anatumiza uthenga wakuti wagwidwa ndi chimfine.

Potuluka m'tchalitchi, magalimoto akuliza mahutala, mkwatibwi anapempha kuti adzere kupolisi. Anatsika ndi chovala chake choyera, mwamuna wake atamunyamulira nsonga yake kuti isakhudze fumbi, n'kupempha kuti angowaona bambo ake, amudalitse. Wapolisi analola. Koma a Mwiinga atamva mawu a mwana wawo m'khonde, anadziyang'ana: mapazi ali pansi, ndevu zosameta, dzanja limodzi litagwira thalauza kuti lisagwe, pambali pawo pali chidebe chonunkha. Anapita kukona, natembenukira kukhoma. Mapenzi anaitana kuti "Adadi", anaitananso, koma chimene anaona ndi msana wa bambo ake ukugwedezeka ndi kulira.

Lolemba anawatulutsa popanda mlandu, monga mwa mwambo umene anaukhazikitsa okha. Anapeza tenti itaphwasulidwa, mwana atapita kwa mwamuna wake, suti ili pahang'ala m'pepala lake. Ufulu wa anzawo ankautentha mmodzimmodzi akuwomba m'manja, osaona kuti pozungulira ponse papsa ndipo udzu wouma watsala pamene aima iwo. Akuluakulu sananame: moto umapita kumene kwatsala tchire.