Chipewa cha a Kanyumbu

Kalekale, mafilimu akadali a pa matepi, pa Luchenza panali nyumba ya vidiyo ya a Kanyumbu. Inali yamalata, mazenera otseka ndi masaka kuti mukhale mdima ngakhale dzuwa lili paliwombo. Anthu sankabwerera filimu yokha ayi, ankabwereranso chipewa. Filimu ikatha, onse ankatembenukira kwa mwini nyumba. Akaphimba nkhope ndi chipewa chake, ndiye kuti filimuyo ndi zinyalala. Akachitukula pang'ono, yayesako. Akachiponya m'mwamba, mawa lake anthu ankachita kuimirira pakhomo. Kenako mkangano unkabuka, ndipo a Kanyumbu ankautafuna ngati nzimbe.

Koma panali filimu imodzi imene a Kanyumbu ankati palibe inzake. Anaionera ali mnyamata ku Halale, dzina lake anaiwala, ankangoti "ya chitseko". Inali yakale, yakuda ndi yoyera, yopanda nkhonya, yopanda magazi: mayi wanyamula nyali, ndipo kumapeto kwa khonde chitseko chikutseguka pang'onopang'ono. Ankati itatha anapita kunyumba akungocheukacheuka. Pa Luchenza panalibe anaionapo, moti anthu ankawaseka kuti anangoilota.

Akazi awo atamwalira, a Kanyumbu anapachika chipewa pa msomali, nasiya kulankhula. Chakudya ankangochiyang'ana. Kuchipatala anawapima koma sanapeze matenda. Ankaphwa ngati dzungu losiyidwa padzuwa, ndipo anthu anayamba kunong'onezana kuti mvula ikubwerayi sadzaiona.

Anali ndi ana atatu: Lameki, Gedioni ndi mlongo wawo Ezelina. Ezelina anali wamanyazi, wokhala kumbuyo kwenikweni, woonera anthu kuposa filimu. Atatuwo anagwirizana kuti ngati pali chinthu chimene chingabweze mtima wa bambo awo, ndi filimu ya chitseko ija.

Lameki anakwera njinga. Anafika ku Limbe, ku Zomba, mpaka kuwoloka malire a ku Milanje, akufotokozera ogulitsa matepi za mayi wa nyali. Ena ankamuseka, ena ankamukakamiza za nkhondo. Potsiriza anaipeza kwa mayi wina wamasiye amene mwamuna wake ankaonetsa kanema kale, ili m'katoni pansi pa chitete cha nkhuku. Mayiwo anati tepiyo ndi chikumbutso, sangaipereke chabe. Lameki anasiya njinga yake pomwepo, nabwerera wapansi, mapazi atatupa.

Tepiyo inafika itayanga nkhungu, itadukanso pakati. Gedioni, amene ankakonza mawailesi, anaitsegula pa mphasa. Anaipukuta ndi thonje, kachidutswa ndi kachidutswa, akuizungulitsa ndi chala mpaka chala chinatuluka thuza. Podukapo analumikiza ndi selotepi. Deki yoonetsera matepi ya m'nyumba ya vidiyo itafuna kuitafuna, anaphwasula deki yake yomwe ankadyerapo, nachotsamo zitsulo kuti akonzere inayo.

Loweruka masana nyumba inadzaza. Anawanyamula a Kanyumbu, nawakhazika pampando wawo kutsogolo, chipewa atawaikira pamiyendo. Filimu inayamba. Poyamba achinyamata ankadandaula kuti kumenyana kuyamba liti, koma mayi wa nyali atalowa m'khonde muja, onse anangoti zii. Chitseko chitayamba kusuntha, mayi wina wogulitsa zitumbuwa anagwira mkono wa munthu wosamudziwa. Filimu itatha, anthu anawomba m'manja, akufuula kuti a Kanyumbu sananame, filimu ndi imeneyi.

Koma a Kanyumbu anangokhala, chipewa chili pamiyendo. Lameki anagwada pambali pawo nawafunsa ngati inali yomweyo. Sanayankhe. Gedioni anaitamanda kuti sanaonepo yotere. Sanayankhebe.

Ezelina, ali kumbuyo kuja, anali ataona chinthu. Filimu ili mkati, milomo ya bambo ake inkagwedera, ndipo tsopano inali itatsekekanso. Anakumbukira kuti chibadwire chake sanawamvepo akuyankha munthu wogwirizana nawo. Ukawavomereza ankangogwedeza mutu. Chimene chinkawadzutsa pampando ndi munthu wolakwitsa. Iye filimuyo inali itamulowa mpaka m'mafupa. Komabe anaimirira.

"Ababa, ndiye filimu munkatiboola nayo m'makutu ija ndi imeneyi? Chitseko basi? Ngakhale cha kuchimbudzi kwathu chimatseguka choncho kukawomba mphepo."

Anthu onse anamucheukira. Lameki anamuyang'ana ndi diso loti akhale pansi. Koma iye anapitiriza kuti anthu opanga filimuyo analibe nzeru, chifukwa chilombo cha kuseri kwa chitsekocho sanachionetse n'komwe, ndipo chikanakhala chipewa chake akanaphimba nacho nkhope.

Mpando unalira. A Kanyumbu anatembenuka, maso ali psuu.

"Mwana iwe," anatero, mawu osasa ngati chitseko chomwecho, "unali kuonera ndi maso kapena ndi zidendene?"

Anaimirira osagwira munthu. Anamufunsa ngati akudziwa kuti chilombo ukachiona chimasanduka munthu wovala chigoba, koma ukapanda kuchiona umapita nacho kunyumba. Anafotokoza za nyali ija, za mthunzi wa pakhoma, za phazi la mayi uja lomwe linaima m'malere. Ezelina anawatsutsanso, iwo anakweza mawu. Kenako anagwira chipewa nachiponya m'mwamba mwamphamvu, chinakagunda malata.

Nyumba inaphulika. Amayi analulutira, anyamata anamenya mabenchi, anthu a kumsika anathamanga kudzaona. A Kanyumbu anapukuta thukuta nafunsa ngati m'nyumba muno anthu anasiya kuphika. Tsiku limenelo anadya mpaka kupempha zina, akukanganabe ndi mwana wawo chakudya chili m'kamwa.

Atapeza mphamvu, anaitana ana awo nati iwo akalamba, ndipo chipewa chiyenera kupita kwa mmodzi, pamodzi ndi nyumba ya vidiyo. Chipewa sachidula patatu, ndipo mitu itatu singalowemo.

Lameki anaonetsa mapazi ake, nati popanda iye filimuyo bwenzi ikadali pansi pa nkhuku. Gedioni anati chimene anabweretsa achimwene ake chinali nkhungu m'chibokosi, iye ndiye anachisandutsa filimu, ndipo deki yake inafera pomwepo. Onse awiri anati mlongo wawo sanayende, sanatuluke thuza, anangonyoza bambo ake pagulu, komanso ananama. Chipewa cha choonadi angachivale bwanji munthu amene anatchula filimu yabwino kuti yoipa?

Ezelina anayang'ana pansi nati, "Achimwene, inu munabweretsa filimu. Koma itatha, ababa anali akadali chete."

A Kanyumbu anazunguza chipewa m'manja, akuyang'ana uyu, kuyang'ana uyo, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo analephera kugamula.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, tiuzeni: chipewa chivalidwe ndi yani? Amene anaipeza filimu, amene anaiukitsa, kapena amene anainyoza akuikonda?